Za M'banja: Mnyamata ku Gemu, Mtsikana pa Moto

Amene munafikako pa Limbuli, kufupi ndi chipata cha Muloza cholowera ku Milange m'dziko la Mozambique, mukudziwa kuti pa msika umenewu mnyamata savutika kugwira ndalama. Akasenza matumba a chimanga kapena kupalasa kabaza, m'thumba mumalowa kanthu. Nanga kanthuko kamathera kuti?

Pitani kuseri kwa magolosale dzuwa likapendeka. Mukapeza timanyumba ta vidiyo momwe muli PlayStation, anyamata atadzaza thothotho, akulipira gemu iliyonse. Ambiri amakonda mpira wa FIFA, womwe unatuluka mu 1993 n'kusintha dzina mu 2023 kukhala EA Sports FC. Mtsikana simukamuona m'menemo. Iye akasewera ndi pa foni ya mayi ake, Candy Crush kapena Ludo, podikira kuti madzi a nsima awire.

Kusiyanaku sikunabwere ndi magetsi. Kuyambira kale bawo ndi wa abambo pansi pa mtengo wa mango, pamene phada ndi fulaye n'za atsikana pakhomo, poti aziitanidwa msanga. Tisanamizane kuti atsikana sakonda masewera. Nthawi alibe, ndalama sagwira, ndipo ife makolo sitingawalole kukadzipanikiza m'kachipinda ka mdima ndi anyamata khumi. Pamenepo tikukhoza.

Koma maso onse tawaika pa mtsikana. Akachedwa kumjigo timamufunsa mafunso ngati apolisi. Mchimwene wake akafika Isha itadutsa, timangomuvundukulira nsima. Adhana ya Asr ndi ya Maghrib imamupeza maso ali pa kanema, ndipo ku madrasa Shehe anatopa kumufunsa. Mu 2019 bungwe la zaumoyo la WHO linavomereza kuti kukanika kusiya magemu mpaka sukulu ndi ntchito kuwonongeka ndi matenda. Chomwe chikutiopsa kwambiri n'chakuti anyamatawa amayamba kubetcherana: wogonja apereke ndalama. Imeneyo ndi juga, yomwe Qur'an mu Surah Al-Maidah yaiika pamodzi ndi mowa, ndipo kuchoka pamenepo kukafika ku zobetcha za pa foni si patali.

Inu a kunyanja musati n'za ku Mulanje. Ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota, ingochotsani chimanga muikepo usipa.

Gemu payokha sitikuiletsa. Tikupempha kuti bambo akafike yekha pa kanyumba komwe mwana wake amasewerako, aone ngati pakuyenda ndalama za kubetcha. Ndipo mnyamatayo asanachoke pakhomo atunge kaye madzi, mlongo wake apezeko mpata wogwira buku, kapena foni imene.