Maginito pa Ubongo Wovulala ndi Sitiroko: Chiyembekezo ndi Malire Ake

Sitiroko, yomwe imachitika mtsempha wa magazi wa mu ubongo ukatsekeka kapena kuphulika, imadziwika kwambiri ndi kufa kwa ziwalo, koma ambiri mwa opulumuka amatsalanso ndi vuto la kuiwala, kulephera kuika maganizo pa chinthu chimodzi ndiponso kusokonezeka pokonza zochita za tsiku. Imodzi mwa njira zimene akatswiri akuyesa pofuna kubwezeretsa nzeru zoterezi ndi TMS, imene Anthony Barker ndi anzake anaionetsa koyamba ku Sheffield m'chaka cha 1985. Pa njirayi, koyilo ya waya imene imaikidwa pamutu imatulutsa mphamvu ya maginito yosinthasintha mofulumira, ndipo mphamvuyo imadutsa chigaza n'kudzutsa maselo a pamwamba pa ubongo popanda opaleshoni.

Amene amaikhulupirira njirayi ali ndi mfundo zomveka. Kugunda kwa maginito kwapang'onopang'ono, kamodzi pa sekondi, kumachepetsa ntchito ya dera la ubongo limene lalunjikidwa, pamene kugunda kofulumira, kasanu kapena kuposerapo pa sekondi, kumaikulitsa, motero dokotala angathe kulimbikitsa mbali yovulala kapena kufatsitsa mbali yabwino imene ikuipondereza. Pa nkhani ya nzeru, kawirikawiri amalunjika dera la kutsogolo kwa ubongo limene limayendetsa kukumbukira ndi kusankha zochita. Zithunzi za fMRI, zimene zimaonetsa madera amene akugwira ntchito potsata kusintha kwa mpweya wa okosijeni m'magazi, zasonyeza m'kafukufuku wina kuti kulumikizana kwa madera a ubongo kumasintha pambuyo pa chithandizochi. Kuonjezera apo, bungwe la FDA la ku America linavomereza TMS pa matenda a kuvutika maganizo m'chaka cha 2008, ndipo zovuta zake nthawi zambiri zimangokhala kupweteka kwa mutu, ngakhale kuti mwa apo ndi apo ingayambitse kukomoka konga khunyu.

Okayikira nawonso ali ndi zifukwa zolemera. Ubongo umachira wokha makamaka m'miyezi itatu yoyambirira, kotero kusintha kooneka pa chithunzi sikungatamandiridwe maginito pokhapokha odwalawo atayerekezedwa ndi ena amene anaikidwa koyilo yongonamizira, yomwe imalira koma yosafikitsa mphamvu ku ubongo. Kafukufuku wambiri pa nzeru za odwala sitiroko wakhala wa anthu ochepa ndiponso wowatsata kwa nthawi yaifupi. Phunziro lalikulu likuchokera ku kafukufuku wa NICHE, wofalitsidwa m'chaka cha 2018, amene anayesa njirayi pa mkono wofooka ndipo anapeza kuti olandira maginito enieni sanachire kuposa anzawo, chifukwa magulu onse awiri anapita patsogolo ndi masewera olimbitsa ziwalo.

Poyeza mbali ziwirizi, zikuoneka kuti chithunzi cha ubongo chimafotokoza mmene njirayi ingagwirire ntchito, koma sichitsimikizira kuti munthu wachira. Kukwera pang'ono pa mayeso a MoCA, amene amayeza nzeru pa mapointi 30, kumakhala ndi tanthauzo ngati wodwalayo wayambanso kumwa mankhwala ake osakumbutsidwa, kuwerengera ndalama pamsika ndi kubwerera kuntchito. Mpaka kafukufuku wa anthu ambiri atasonyeza zimenezi, TMS iyenera kufufuzidwa mwakhama ngati chothandizira maphunziro obwezeretsa nzeru, ndipo mabanja amene akusamala odwala ayenera kuuzidwa zoona asanawononge chuma chawo pa chithandizo chimene phindu lake likadali pa mayeso.