Kadzidzi kwa Makanjira: ndani ayenera kumuopa?

Alendo ochokera ku Ulaya amalipira ndalama zambiri kuti akwere bwato pa Shire ku Liwonde, maso ali m'mitengo, kufunafuna kadzidzi wamkulu wodya nsomba wotchedwa Pel's fishing owl. Akamuona, ulendo wawo waphula kanthu. Kwa Makanjira, tsidya la kum'mawa kwa nyanja kufupi ndi malire a Mozambique, kadzidzi akatera padenga n'kulira usiku, wina amatuluka ndi chikuni chamoto, ndipo kukacha anyamata amamusaka ndi malegeni. Mbalameyi akuti imalosera maliro, kapena yachita kutumidwa.

Omuikira kumbuyo ali ndi umboni woti aliyense angathe kuutola ndi manja. Kadzidzi amameza nyama yathunthu, kenako amalavula timibulu ta ubweya ndi mafupa pansi pa mtengo umene amagonamo. Mukaswa ta kadzidzi woyera nkhope, amene amakonda mphako za malambe ndi madenga a nyumba zakale, mupezamo zigaza za mbewa ndi makoswe. Banja limodzi lolera ana limadya zoposa 1,000 pachaka. Makutu ake, lina m'mwamba pang'ono lina m'munsi, amamva kapuku akuyenda m'udzu mumdima, ndipo nthenga zake sizichita phokoso pouluka. Kapuku amabala ana oposa khumi nthawi imodzi, choncho mlenje wotere si wopeputsa.

Ntchito imeneyi ndi yofunika kwambiri kwa Makanjira kuposa ku Dedza kapena ku Ntcheu. Kumeneko chimanga chikakololedwa anyamata amalowa m'minda ndi makasu kukakumba mbewa za ndiwo. Kuno anthu ambiri ndi Asilamu ndipo mbewa sadya, ndiye amene amazichepetsa m'munda wa mpunga kapena wa chinangwa ndi njoka, akabawi ndi kadzidzi yemweyo. Tikawatha, chotsala ndi temiki wogulitsidwa m'timapepala pamsika, amene amapha nkhuku, amphaka, nthawi zina ngakhale mwana amene watola nyamboyo. Nayenso kadzidzi akadya khoswe womwa mankhwala amafa.

Komabe kunena kuti mantha a anthu ndi umbuli chabe n'kusawamvetsa. Kadzidzi amapezekadi kumanda, chifukwa m'midzi yambiri ndi kumanda kokha kumene kwatsala mitengo ikuluikulu. Amamvekadi usiku umene m'nyumba muli wodwala, chifukwa usiku umenewo anthu amachezera ali maso, pomwe masiku ena akamalira onse amakhala ali mtulo. Kwa mayi amene mwana wake watentha thupi pakati pa usiku, chipatala chachikulu chili ku Boma ku Mangochi, mtunda wa makilomita pafupifupi 100 pa msewu umene nthawi ya dzinja umavuta, kulira kumeneko sikungamveke ngati nyimbo. Palinso zoona zina zimene okonda mbalame amadumpha: mitundu ikuluikulu ya akadzidzi imatha kugwira nkhuku zogona m'mitengo.

Tisaiwalenso kuti munthu wa kuno nyama zakutchire saziona ali pakhonde ndi kapu ya tiyi. Anyani ndi nguluwe zotsika m'mapiri a Namizimu zimathyola chimanga, mvuu zimapondereza mpunga, ng'ona zimagwira asodzi ndi amayi ochapa. Lamulo loteteza nyama la 1992, limene zilango zake zidakhwimitsidwa mu 2017, ambiri amaliona ngati lokondera nyama. Mlangizi wobwera kudzati tetezani kadzidzi amalankhula ndi anthu amene ali kale ndi madandaulo osayankhidwa.

Kunja adayesapo njira ziwiri zogwiritsa ntchito akadzidzi. Ku Israel, alimi a ku Sde Eliyahu adayamba mu 1983 kukhoma mabokosi m'minda kuti akadzidzi aziswana m'menemo, mwa kufuna kwawo ataona kuipa kwa mankhwala, ndipo nzeruyi idafalikira mpaka ku Jordan ndi kwa alimi a ku Palestine. Ku Alexandra, komboni ya ku Johannesburg imene anyamata ambiri a ku Mangochi opita ku Joni amaidziwa, akuluakulu a mzinda adaika mabokosi otere m'masukulu chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 2010 pofuna kuthana ndi makoswe. Anthu ena adakwiya nazo, ndipo akadzidzi ena adaphedwa. Ine ndikuona kuti bungwe limene lingabwere kwa Makanjira ndi mabokosi m'galimoto lisanakhale pansi ndi mafumu lidzakolola za ku Alexandra.

Chimene chimandidetsa nkhawa kuposa imfa ya mbalame ndi funso limene limatsatira kulira kwake: watumiza ndani? Chala chimaloza agogo okhala okha kumapeto kwa mudzi, ndipo m'dziko muno okalamba akhala akumenyedwa ngakhale kuphedwa pa milandu yotere, chonsecho lamulo la 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti. Apa mashehe a kwa Makanjira ali ndi mphamvu yoposa ya ofesala wa zanyama aliyense, pakuti chiphunzitso cha Chisilamu chimakana zolosera tsoka kudzera mu mbalame, ndipo kadzidzi ali m'gulu lomwelo. Mawu otere akanenedwa mumzikiti Lachisanu amafika m'makomo momwe chikwangwani cha boma sichingafike.

Palibe chifukwa chokakamiza munthu kuti akonde kadzidzi kapena amusunge padenga la nyumba yake. N'zokwanira kusiya mlambe wa mphako wa kumunda uli chiimire, kutsekera nkhuku m'khola usiku, ndi kutchera makoswe ndi misampha m'malo mwa temiki. Aphunzitsi nawo angathe kutola timibulu tija n'kukaswa ndi ana m'kalasi, anawo awerenge okha zigaza za makoswe n'kukafotokoza kwawo.