Diso ndi Cholembera cha Bambo Shemu Joyah

Anzanga, ndi inu aphunzitsi athu olemekezeka, ndiloleni ndiikepo mau anga pa mkangano umene unabuka m'nyumba yathu yogona Loweruka lija tinaonera kanema wa The Last Fishing Boat. Ena anati Bambo Shemu Joyah ndi katswiri wopanda banga. Ena anati akanema ao ngotopetsa, bola a ku Nigeria. Ine sindiri mbali iriyonse, ndipo ndifuna kufotokoza chifukwa chake.

Poyamba tidziwe kuti popanga kanema pali ntchito ziwiri zazikulu. Ina ndi ya mlembi, amene apeka nkhani naika mau m'kamwa mwa ochita sewero. Ina ndi ya wotsogolera, amene asankha malo, auza ochita sewero poima ndi poyang'ana, nalamula wojambula koloza kamera. Bambo Joyah, amene ntchito yao ina ndi yoyeza malo, amasenza okha mitolo yonse iwiri. Anatero m'kanema wao woyamba, Seasons of a Life. Anateronso mu The Last Fishing Boat wa 2012 ndi The Road to Sunrise wa 2017.

Pa ntchito yotsogolera ndiwabvulira chipewa. Kwathu ndi kufupi ndi nyanja ya Chilwa, m'boma la Machinga, ndipo atate anga ndi msodzi wa matemba. Iwo amasimba za chaka cha 1995, pamene nyanjayo inauma, mabwato nakhala pamatope ngati mitembo. Tsono nditaona Yusufu, msodzi wa m'kanema uja, amene kale anali mpondamatiki koma nsomba zamthera m'nyanja ya Malawi, ndinaona nkhope ya atate anga. Bambo Joyah adziwa kuimika kamera pa madzi ndi pa nkhope ya munthu kufikira woonera amve chisoni popanda womuuza. Adziwanso kutulutsa luso mwa ochita sewero. Umboni ulipo: mu 2010 Tapiwa Gwaza analandira mphotho ya Africa Movie Academy Awards chifukwa cha mbali yake mu Seasons of a Life, ndipo mu 2018 The Road to Sunrise anapambana akanema onse a kumwera kwa Africa pa mpikisano wa Africa Magic Viewers' Choice Awards ku Lagos.

Monga mlembi, mphamvu yao iri pa kulimba mtima posankha nkhani. Alemba za mtsikana wantchito amene bwana wake ampatsa pathupi, nasiya mwana kuti apitirize sukulu, nabweranso kudzamfuna kubwalo la milandu. Alemba za Abiti Anefa, mkazi wachitatu wa Yusufu, amene mzungu wodzaona nyanja amsirira. Alemba za akazi awiri oyendayenda a mu Blantyre, osawatukwana. Izi ndi zinthu zimene timanong'onezana kumudzi, koma iwo azitulutsira pabwalo.

Koma pomwepo, pa cholembera, ndi pamene ndipeza bvuto. Choyamba, anthu ao alankhula mopitirira. Kawirikawiri diso la kamera likhala litanena kale zonse, koma mlembi sakhutira. Aimika munthu kuti alalikire zimene taona kale ndi maso athu. Kodi ife oonera ndife ana, kuti atitafunire nsima? Nchifukwa chake anzanga ena anayamba kuyasamula, ngakhale nkhaniyo inali yokoma.

Chachiwiri ndi chilankhulo. Pa tchuthi ndinaonetsa amayi anga Seasons of a Life pa foni ya achimwene. Amayi alankhula Chiyao ndi Chichewa basi, koma mau ambiri m'kanemayo ndi Achingerezi, ndipo ine ndinasanduka womasulira kufikira kukhosi kunauma. Potsiriza ananyamuka nakasonkha moto. Zinandiwawa, pakuti nkhani ya mtsikana wantchito ndi nkhani imene akazi a kwathu aidziwa koposa ife ophunzira. Pitani m'tinyumba toonetsa akanema pa Balaka kapena pa Liwonde: mudzapeza anthu atadzaza kuonera akanema a ku China ndi ku India, chifukwa anyamata anawaikira mau Achichewa. Munthu atsata kumene akumva.

Ndidziwa chimene ena adzayankha. Adzati Chingerezi ndicho chinatengera akanemawa ku maiko akunja, ndi kuti m'dziko losowa ndalama zopangira akanema munthu sangalembe antchito ambiri. Ndibvomera. Komabe akulu anati mutu umodzi susenza denga. Mlembi akonda mau ake monga mai akonda mwana, ndipo ngati wotsogolera ali iye yemweyo, palibe womuuza kuti, "Apa tadulani." Ndiganiza kuti mkati mwa Bambo Joyah mlembi amapambana wotsogolera pa mikangano yambiri, chonsecho wotsogolerayo ndiye waluso koposa.

Sindinalembe izi kuti ndinyoze mkulu amene anatilambulira njira. Ndalemba chifukwa ife a kagulu ka masewero pano tiri ndi nthenda yomweyo. Wolemba sewero afuna akhalenso wotsogolera, ndipo sabvomera kuti mnzake achotsepo ngakhale liu limodzi. Inenso ndiri wotero, sindibisa. Tsono sewero limene ndikulemba, la msodzi wa ku Chilwa, ndaganiza kulipereka kwa mnzanga kuti alitsogolere, ndipo msodziyo adzalankhula monga alankhulira atate anga. Tsiku loonetsa ndidzaitana amayi. Akakhala pansi mpaka pamapeto, osakasonkha moto, ndidzadziwa kuti ndaphunzirapo kanthu.

Wophunzira wa Fomu 3