Wamva m'mimba satsekula chitseko nthawi zonse

"Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko," ankatero makolo, kunena kuti mwini vuto ndiye woyamba kusaka thandizo. Mwambiwu umagwira pa malungo ndi pa dzino lobooka, koma m'zipatala zolandirirako ma ARV tautsatira mopitirira muyeso. Tikudikira kuti mayi amene amagona ndi zibakera, mtsikana amene adagwiriridwa, kapena mnyamata amene adataya makolo onse awiri ali wakhanda, adzaulule yekha chomwe chikumudya mumtima. Ambiri saulula, ndipo sadzaulula pokhapokha chipatala chitayamba ndicho kufunsa.

Pa Martin Preuss Centre, chipatala chomwe bungwe la Lighthouse lidatsekula pa Bwaila mu Old Town ku Lilongwe m'chaka cha 2006, ntchito imayenda mwadongosolo. Munthu amakwera pa sikelo, namwino amawerenga mapilitsi otsala m'botolo, nthawi ikakwana amatengedwa magazi kuti aone kuchuluka kwa tizilombo, zonse n'kulembedwa. Dongosolo lotere, lomwe lafalikira m'dziko muno chiyambireni kupereka ma ARV aulere mu 2004, lapulumutsa anthu osawerengeka. Koma sikelo siyeza mantha. Kafukufuku wa boma wa MDHS wa 2015 mpaka 2016 adapeza kuti amayi 42 mwa 100 alionse amene adakwatiwapo adachitiridwapo nkhanza ndi amuna awo, kaya kumenyedwa, kukakamizidwa kugonana kapena kuzunzidwa m'maganizo. Ena mwa amayi omwewo ndi amene akhala pa mzere wa ma ARV. Mayi wobisa botolo lake m'thumba la ufa kuopa kuti mwamuna angalione amadumphitsa kumwa tsiku lomwe bamboyo sadachoke pakhomo. Tizilombo tikachuluka, ife timangoti ndi wosasamala mankhwala, tisadamufunse n'komwe za kunyumba.

Zomutseka pakamwa n'zodziwika. Adalangizidwa kuti banja ndi kupirira, ndipo nkhani za m'nyumba zimathera kwa ankhoswe. M'zipatala zambiri chitseko cha chipinda chokumanirana ndi dokotala sichikhalitsa chotseka, ndipo wotsatira pa mzere akhoza kukhala mnansi wa ku Mchesi kapena ku Biwi. Tisaganizenso kuti ili ndi vuto la osauka okha: kumayadi ku Area 10 ndi Area 43 nkhanza zimabisala kuseri kwa mipanda yaitali, ndipo manyazi a anthu otchuka ndi aakulu koposa. Masiku ano amene akumwa bwino mankhwala amapatsidwa a miyezi isanu ndi umodzi pakamodzi. Izi zachepetsa mizere, koma zikutanthauzanso kuti wodwala akhoza kuonana ndi wachipatala kawiri kokha pachaka. Mpata wosowa choterewu suyenera kuthera pa kuwerenga mapilitsi.

Ena adzati anamwino ndi ochepa, ntchito yawakulira kale. N'zoona, koma kumvetsera sikufuna dokotala wa matenda a maganizo nthawi zonse. Ku Harare, Dr Dixon Chibanda adayambitsa Friendship Bench mu 2006, kuphunzitsa agogo wamba kupereka uphungu atakhala pa benchi panja pa chipatala. Njirayi idayesedwa m'zipatala ziwiri za boma mu Lilongwe muno kuyambira mu 2017, pomwe oyamba ma ARV ankafunsidwa mafunso ochepa ounika matenda a nkhawa. Tili kale ndi ma expert client, anthu omwa ma ARV amene amalimbikitsa anzawo, komanso Teen Club ya bungwe la Baylor pa Kamuzu Central, komwe achinyamata amamasukirana. Anthu otere akaphunzitsidwa kufunsa mwaulemu ndi kusunga chinsinsi, namwino sasenza yekha katunduyu.

Chotsutsa china ndicholemera kuposa ichi: kodi si kulakwa kutokosa bala ulibe mankhwala ake? Kufunsa kenako n'kumusiya munthu akulira pa khonde ndi nkhanza inanso. Komabe mu mzinda uno malo othandiza alipo. Pa Kamuzu Central pali Chikwanekwane, pomwe wogwiriridwa amapeza achipatala, apolisi ndi alangizi pamalo amodzi. Ku polisi ya Area 3 kuli Victim Support Unit, pa Bwaila pomwepo pali gawo la matenda a maganizo, ku Area 43 kuli chipatala cha St John of God, ndipo bungwe la YONECO lili ndi manambala aulere a 116 ndi 5600. Lamulo loteteza anthu ku nkhanza za m'banja tili nalo kuyambira 2006. Chosowa ndi munthu womuperekeza wovutikayo kuchoka pa khomo ili kufika pa linalo, ndalama ya minibasi, ndi wina wodzamufunsa mwezi wamawa ngati adathandizidwa.

Thandizo la dziko la America litagwedezeka kumayambiriro kwa 2025, zidaoneka poyera kuti ntchito zambiri za uphungu zimadalira thumba la alendo. Tsono a Unduna wa Zaumoyo ku Capital Hill, ikani funso la nkhanza ndi nkhawa m'ndondomeko ya chipatala chilichonse cha ma ARV, patulani chipinda chotseka bwino, ndipo alangizi muwalembe ntchito m'boma. Safunsa adadya phula, ndipo chipatala chosafunsa chidzapitiriza kudzudzula anthu amene chikadayenera kuwateteza.