Dzira Loyenda Ulendo Silipirira Dzuwa la Okutobala

Ana anga, ndimakondwa kuona kuti ambiri a inu mwalowa mu ulimi wa nkhuku. Makina ofungatira mazira, amene kale tinkangomva kuti ali ku Mikolongwe, lero akupezeka m'masitolo a ku Limbe ndi ku Lilongwe, ena a magetsi, ena a batire ndi sola. Pa Facebook ndi pa WhatsApp padzaza ogulitsa mazira a mbewu: a Mikolongwe, a Kuroiler, a Sasso. Munthu ali ku Nchalo kapena ku Bangula amatumiza ndalama pafoni, mawa lake thireyi yafika pa minibasi. Akadikira masiku 21, anapiye oswa ndi ongowerengeka, mazira otsala onse asukusa. Apa mlandu umabuka. Wogula amati anandigulitsa mazira opanda tambala, wogulitsa amati makina anuwo ngachabe. Kawirikawiri onse awiri amakhala akuloza polakwika. Mazirawo anaonongekera panjira, ndipo chipinda chotentha chinangomaliza ntchito.

Dzira la mbewu ndi chinthu chamoyo, ngakhale sililira. M'kati mwake muli kale kamwana kongoyamba kumene, kamene kamagona tulo dziralo likakhala pozizira, pakati pa madigiri 12 ndi 18. Kutentha kukafika cha m'ma 25 n'kumakwera, kamwanako kamadzuka n'kuyamba kukula, koma mopunduka, chifukwa kutenthako n'kokwanira kukadzutsa koma n'kosakwanira kukalera. Tsono taganizirani thireyi yaikidwa kuseri kwa mpando wa dalaivala, pafupi ndi injini, minibasi yaima pa depoti maola awiri kudikira kuti idzaze, kenako yatsetsereka kuchoka ku Blantyre masana dzuwa lili paliwombo, yadutsa pa Thabwa, yawoloka Shire pa mlatho wa Kamuzu, n'kulowa m'chigwa momwe mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40. Dziralo likamafika m'manja mwanu limakhala litadzuka, litatopa, ndipo ena mwa anzake afa kale. Kunja amaoneka bwinobwino onse. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Kutentha kuli apo, palinso kugwedezeka. Kumbali yaikulu ya dzira, yosasongoka ija, kuli kathumba ka mpweya. Mwanapiye akakhwima amayamba waboola kathumba kameneka n'kupuma mpweya wake woyamba asanagogode chigoba. Mabampu a mumsewu ndi njinga ya kabaza yochoka pa siteji zimasuntha kathumbako, nthawi zina n'kukang'amba kumene, ndiye ukaunika dzira ndi tochi umaona mpweya ukuyendayenda uku ndi uku. Dzira lotero likhoza kuswa, koma mwayi wake wachepa. N'chifukwa chake oweta ozolowera amati pa mazira oyenda ulendo wautali, ukapeza theka uthokoze Mulungu. Musawerengeretu phindu la anapiye 30 chifukwa mwalipira mazira 30. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo.

Ntchito yaikulu imagwiridwa ndalama isanachoke pafoni. Nkhanga zinapangana kusanapse. Funsani wogulitsa kuti mazirawo anaikiridwa liti, pakuti dzira likapitirira masiku asanu ndi awiri mphamvu yake yoswa imatsika tsiku ndi tsiku, ndipo kotentha imatsika mofulumira kuposa pamenepo. Funsani kuti tambala mmodzi ali ndi misoti ingati. Ikapitirira khumi, mazira ena amakhala opanda mbewu. Funsaninso za thanzi la makolo ake, chifukwa matenda ena, monga chimfine chokhalitsa cha nkhuku ndi kutsegula m'mimba koyera kwa anapiye, amadzera m'dzira momwemo. Ndipo dziwani kuti nkhuku ya Mikolongwe, imene dzina lake lenileni ndi Black Australorp, ndi mtundu weniweni wobereka ana ofanana nawo, pamene Kuroiler ndi Sasso ndi zosakaniza. Mazira ochokera kwa munthu amene wangosunga ana a ana awo sangakupatseni nkhuku zonenepa mofanana ndi za pachithunzi cha wogulitsa. Musachite manyazi ndi mafunso amenewa. Mbewa ya manyazi inafera kuuna, ndipo wogulitsa woona mtima sakwiya akafunsidwa.

Mukagwirizana, pemphani kuti mazira asatsukidwe. Dzira limatuluka ndi kachikuto kosaoneka kamene kamatseka timabowo ta chigoba kuti tizilombo tisalowe, ndipo madzi amakachotsa. Aikidwe m'thireyi mbali yosongoka ili pansi, thireyi ina ivundikire pamwamba, zonse zilowe m'katoni yokhala ndi utuchi kapena mapepala ofwanyafwanya kuti pasakhale dzira logwedera. Ayende mbandakucha kapena usiku, osati masana. Ngati mungathe, pitani mukatenge nokha, muwanyamule pamiyendo. Ndalama ya thiransipoti imene ikukuwawani ndi yochepa poyerekeza ndi thireyi yosukusa pamodzi ndi masabata atatu otayika.

Mazira akafika, mtima umathamanga kuti alowe m'makina nthawi yomweyo. Dekhani. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Dzira loyenda ulendo lili ngati mlendo wochoka kutali: sumupatsa khasu asanakhale pansi n'kumwa madzi. Aimikeni mbali yosongoka pansi kwa maola 12 mpaka 24 kuti kathumba ka mpweya kabwerere pamalo pake. Koma apa anthu a kotentha musamale, chifukwa langizo limeneli limagwira bwino kumene nyumba zimazizira zokha. M'nyumba ya malata ku Ngabu kapena ku Salima, kupumitsa dzira tsiku lathunthu m'chipinda cha madigiri 35 n'kuliononga. Inu pumitsani usiku umodzi wokha, pamalo ozizira kwambiri pakhomo panu: pansi penipeni m'nyumba ya udzu, kapena mumtsuko wadothi wouma m'kati, wokhazikidwa pa mchenga wonyowa, monga momwe amayi anu amaziziritsira madzi akumwa. Mufiriji musaikemo. Mumazizira mopitirira muyeso, ndipo dzira likatulukamo limachita thukuta limene limalowetsa tizilombo m'chigoba. Nthawi yonseyi makina akhale akuyaka opanda kanthu kwa tsiku lathunthu, kuti muone ngati akusunga kutentha koyenera masana ndi usiku womwe.

Tsopano mvetsetsani ichi, pakuti ndi pamene pagona nkhani yonse. Makina ofungatira mazira a pakhomo amadziwa kutenthetsa basi, sadziwa kuziziritsa. Dzira la nkhuku limafuna madigiri 37.5 m'makina okhala ndi fani. Chipinda chikakhala pa 25, makinawo amawonjezera chotsalacho n'kuzima akafika pa muyeso. Nanga chipinda chikafika pa 40 masana, atani? Waya wotenthetsa wa m'makinamo amazima, inde, koma fani imangozunguza mpweya wotentha womwewo, ndipo kutentha m'kati kumakwera popanda choletsa. Kamwana ka m'dzira kamapirira kuzizira kwa maola angapo, monga thadzi likatsika kukadya, koma kutentha kopitirira madigiri 40 kukakhalitsa kamafa, ndipo kopulumuka kamaswa msanga, kofooka, mchombo wosatseka, miyendo yopindika. Choopsanso n'chakuti sabata yomaliza anapiye amatulutsa kutentha kwawokwawo. Makina odzaza mazira a masiku 17 amatentha kuposa mmene ankachitira tsiku loyamba. Alimi ambiri amataya anapiye okhwima kale pamenepa, atavutika masabata awiri ndi theka.

Choncho samalani chipinda kuposa makina. Asakhale pafupi ndi zenera lolowa dzuwa, kapena khoma loyang'ana kumadzulo, kapena pamwamba pa kabati pafupi ndi malata. Akhale pansi, m'chipinda cha pakati, ndipo ngati muli ndi nyumba ya udzu yolimba, imeneyo iposa ya malata yopanda siling'i. M'chilimwe, mpweya ukakhala wouma, saka yonyowa yopachikidwa pazenera ndi madzi owazidwa pansi zimatsitsa kutentha kwa chipinda. Kuyambira nkhomaliro mpaka dzuwa litapendeka muzikhala pafupi, maso pa manambala. Akakwera kupitirira 38.5, tsegulani timabowo tonse ta mpweya, kapena kwezani chivundikiro pang'ono mpaka atsike. Musakhulupirire manambala a pamakina okha. Gulani ku famase kachipangizo koyezera kutentha kwa thupi, mukaike pamwamba pa mazira kuti mutsimikize. Magetsi akathima m'nyengo yozizira, vundikirani bulangete ndipo musatsegule. Akathima masana a mu Okutobala, bulangete lomwelo ndi imfa, makamaka sabata yomaliza, popeza fani yaima ndipo kutentha kwa anapiye kukuunjikana m'kati.

Za chinyezi nazo musaloweze manambala ngati nyimbo. Mabuku amati mazira amafuna chinyezi cha 50 mpaka 55 peresenti masiku 18 oyamba, ndi 65 mpaka 70 masiku atatu omaliza. N'zoona, koma mpweya wa mu Okutobala ndi wouma ndipo madzi a m'mbale amaphwa msanga, pamene mu Januwale mvula ikugwa mpweya umakhala wonyowa kale mwakuti kudzaza mbale zonse n'kumiza anapiye. Lolani dzira likuuzeni lokha. Liyenera kutaya pafupifupi 12 peresenti ya kulemera kwake pofika tsiku la 18, ndiye kuti dzira la magalamu 60 lipepuke ndi magalamu asanu ndi awiri. Opanda sikelo, unikani ndi tochi ya foni m'chipinda chamdima tsiku la 7, la 14 ndi la 18, n'kulemba ndi pensulo malire a kathumba ka mpweya. Kakamakula mothamanga, onjezani madzi. Kakamangokhala kakang'ono, chepetsani. Tsiku la 7 dzira lamoyo limaonetsa timitsempha tofiira. Lowala mbee linalibe mbewu kapena linafa lisanayambe kukula, koma lokhala ndi mkombero wa magazi linayamba kukula n'kufa, ndipo mukaona ambiri otere dziwani kuti tambala anagwira ntchito yake, analakwa mwina ndi dzuwa la panjira. Osukusawo chotsani msanga asanaphulike n'kuipitsa anzawo.

Kutembenuza n'kosavuta: katatu kapena kasanu patsiku mpaka tsiku la 18. Mazira amene kathumba kawo kanasuntha aimikeni chilili masiku awiri oyamba osawagwira, kenako muziwapendeketsa pang'onopang'ono. Likakwana tsiku la 18 lekani kutembenuza, onjezani madzi, tsekani. Mwanapiye akaboola chigoba akhoza kutenga tsiku lonse asanatuluke. Manja anu akhale kutali. Amatuluka atameza chachikasu cha m'dzira, chimene chimamusunga masiku awiri, ndiye musiyeni aume momwemo. Pambuyo pake kaonaneni ndi alangizi a ziweto za katemera wa chitopa ndi gumboro.

Musanyozenso thadzi la chikuda chifukwa mwagula makina. Nkhuku yakumudzi yofungatira imanyamula mazira 10 kapena 12, imawatembenuza yokha, kukatentha imadzuka pang'ono n'kuwapatsa mpweya, ndipo siidziwa za kuthima kwa magetsi. Ngati mazira mwagulawo ndi odula, gawani: ena m'makina, ena pansi pa thadzi. Muwaike usiku mutachotsa ake, chisa chikhale pamthunzi, chowazidwa phulusa poopa utitiri, madzi akumwa ali pafupi.

Ndikudziwa chimene chimakuthamangitsani. Mumafuna nkhuku zoti zikule nyengo ya chisangalalo isanafike, ndiye mumaitanitsa mazira dzuwa litafika pachimake. Walira mvula walira matope: wofuna kuswetsa m'miyezi imeneyo avomere kukhala pakhomo masana onse masabata atatu, ndipo avomerenso kutaya ambiri. Ine ndikuti, inu a m'chigwa cha Shire ndi a m'mbali mwa nyanja, kuyambira ku Mangochi mpaka ku Karonga, itanitsani mazira akutali pakati pa Meyi ndi Ogasiti, pamene msewu ndi chipinda zili zozizira. Mu Okutobala ndi Novembala, ngati mulibe chipinda chimene chimakhala pansi pa madigiri 35 masana, gulani mazira kwa mnansi wa m'dera lanu lomwelo n'kuwapatsa thadzi, kapena gulani anapiye oswa kale. Ndipo amene mwakonza zoitanitsa thireyi sabata ino, yambani mwayeza kutentha kwa chipinda chanucho nthawi ya 2 koloko masana, musanatumize ndalama.