Musanasiye ntchito kuthamangira kunyanja, yambani mwamanga nkhokwe

Masiku apitawa ndidakumana ndi mnzanga wina amene tidaphunzira limodzi kusekondale. Iye ndi kalaliki pakampani ina mumzinda wa Blantyre. Titangopatsana moni adandiuza kuti watopa nazo zokhala padesiki, moti akufuna kusiya ntchito kuti akayambe yoperekeza alendo ku Cape Maclear.

Nditamufunsa kuti wasunga ndalama zingati komanso waphunzirapo chiyani chokhudza ntchitoyo, mkuluyu adangoseka, amvekere zonse akaphunzirira konko.

Kunena zoona, maganizo olowa ntchito zokopa alendo ndi abwino. Chimene ndikukana ine ndi kulowamo chimanjamanja, wopanda ndalama ngakhale pepala.

Palibe angatsutse kuti dziko lino lili ndi zambiri zoti mlendo aone. Paki ya Lake Malawi idalowa m'kaundula wa malo ofunika padziko lonse wa bungwe la UNESCO mu 1984, zojambula zamakedzana za pamiyala ya ku Chongoni zidalowa mu 2006, ndipo phiri la Mulanje lidatsatira mu 2025. Nkhalango ya Majete, imene nyama zake zidatsala pang'ono kutheratu ndi opha mozemba, idatsitsimuka bungwe la African Parks litayamba kuiyendetsa mu 2003. Bungwe lomweli lidatenganso Liwonde ndi Nkhotakota mu 2015, ndipo m'zaka za 2016 ndi 2017 njovu pafupifupi 500 zidasamutsidwira ku Nkhotakota. Malo onsewa amafuna operekeza alendo, ophika, oyendetsa galimoto ndi mabwato, olandira alendo komanso owerengera ndalama.

Koma paja chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Ntchitoyi imayendera nyengo. Alendo ambiri amabwera m'miyezi yopanda mvula, kuyambira cha mu May mpaka October. Mvula ikagwa, misewu ya m'nkhalango zina imavuta ndipo alendo amachepa. Munthu amene adazolowera kulandira malipiro mwezi ndi mwezi amadzidzimuka akaona January akutha m'thumba muli mbee, pamene mwininyumba akugogoda ndipo ana akufunika fizi.

Tisaiwalenso zimene zidachitika mu 2020. Mliri wa Covid-19 utafika, ndege zidaima, mahotela adasowa alendo ndipo antchito ambiri adauzidwa kuti akhale kaye kunyumba. Amene adalibe kangachepe kobisa adaona zakuda.

N'chifukwa chake ndikuti nkhokwe iyambe. Musanalembe kalata yosiya ntchito, khalani ndi ndalama zokwanira lendi, chakudya ndi fizi ya ana kwa miyezi isanu ndi umodzi, kuphatikizapo za maphunziro anu. Mwachitsanzo, amene amalandira K300 000 akamapatula K30 000 mwezi uliwonse, chaka chikamatha amakhala ndi K360 000. Zikuoneka zochepa, koma tsokonombwe adatha mtunda n'kudumpha. Ndalamayo izipatulidwa tsiku lomwe malipiro alowa. Mukadikira kuti musunge zotsala, simudzasunga kanthu.

Ena anena kuti kusunga kwacha masiku ano n'kutunga madzi ndi dengu. Ali ndi mfundo, pakuti tonse tikukumbuka kuti mu November 2023 ndalama yathu idagwa mphamvu ndi 44 peresenti ndipo mitengo ya zinthu idakwera nthawi yomweyo. Koma zimenezi zikungotiphunzitsa kuti ndalama isamagone pansi pa pilo. Ina ikhale ku banki mkhonde kapena ku Sacco kumene imaswana, ina muzilipiriratu fizi mitengo isanakwere, ina mugulire zipangizo za ntchito monga mabuku a mbalame ndi mitengo.

Chachiwiri ndi sukulu. Ambiri timaganiza kuti kuperekeza mlendo n'kungodziwa Chingelezi ndi kumwetulira. Mlendo amene wachoka ku Germany kudzaona mbuna amafunsa mafunso, ndipo wolephera kuyankha sapatsidwanso ulendo wina. Wokwera ndi alendo pansonga ya Sapitwa, imene ndi yotalika mamita 3 002, ayenera kudziwa za nyengo ya m'phirimo komanso chithandizo choyamba munthu akavulala. Apa pali moyo wa anthu.

Kophunzirira kulipo. Sukulu ya Malawi Institute of Tourism imapereka masatifiketi ndi madipuloma, pamene ku Mzuzu University kuli maphunziro a digiri ya zokopa ndi kusamalira alendo. Pitani mukafunse nokha zoyenereza, fizi komanso ngati pali maphunziro amene mungachite mukadali pantchito. Safunsa adadya phula. Kuonjezerapo chiyankhulo china monga Chifalansa, kapena laisensi yoyendetsera galimoto, kumakuikani patsogolo pa anzanu.

Komanso musataye zimene mukudziwa kale. Malo ogona alendo amafunanso wodziwa kusunga mabuku a ndalama, wodziwa zamagetsi ngakhalenso wodziwa kutsatsa malonda pa intaneti. Kalaliki ngati mnzanga uja angathe kulowera khomo la ofesi yolandirira alendo n'kumaphunzira zinazo ali mkati.

Chomaliza, lawani kaye. Patchuthi chanu chapachaka, pemphani kukathandiza pamalo ena ogona alendo kwa sabata imodzi kapena ziwiri. Mukaone nokha kudzuka m'mamawa nkhuku zisanalire, kugwira ntchito pa Khirisimasi anzanu akusangalala, ndi kupepesa mlendo wolusa pa mlandu umene si wanu. Mukabwerako mtima ukadali komweko, ndiye kuti ntchitoyo ndi yanudi.

Inde, alipo ena amene adayamba opanda kanthu ndipo lero ali ndi mabwato awoawo. Koma timangomva za amene zidawayendera. Amene adabwerera kumudzi ndi ngongole sawalemba m'nyuzipepala.

Mnzanga uja ndidamuuza kuti adzipatse zaka ziwiri, asunge ndalama, aphunzire, kenako alembe kalata yakeyo. Adadandaula kuti zaka ziwiri n'zambiri. Ndidamuyankha kuti nyanja siithawa, adzaipeza ili pompo. Kuona maso a nkhono n'kudekha.