Mankhwala atsopano a khansa adzafuna kaye chipinda cha kulera

M'chaka cha 2025 boma lidatsegula chipatala cha khansa cha National Cancer Centre pafupi ndi chipatala chachikulu cha Kamuzu Central mumzinda wa Lilongwe. Chaka cha 2024 ku Blantyre kudali kutatsegulidwa kale china chomwe si cha boma, International Blantyre Cancer Centre. Thandizo lowotcha zotupa ndi makina, lomwe Amalawi ankalidikira pamndandanda wopita ku India ndi maiko ena, tsopano likupezeka konkuno.

Koma pomwe ife tikuyamba kumene kuwotcha chotupa kuchokera kunja kwa thupi, anzathu adapeza kale njira yochiwotchera kuchokera mkati.

Njirayi imagwira motere. Maselo a khansa zina ali ndi tizitseko tomwe maselo abwinobwino alibe kapena ali nato tochepa. Akatswiri amapanga kachidutswa kakang'ono ka puloteni, kotchedwa peptide, kolowa pakachitseko ngati kiyi m'loko. Kukachidutswako amamangirirako chitsulo chotulutsa mphamvu ya radiyeshoni chotchedwa lutetium-177. Akathira m'mitsempha pa diripi, mankhwalawo amayenda ndi magazi, kukakamira pachotupa paliponse pomwe chafalikira, n'kuyamba kuchiwotcha. Mphamvuyo siyenda mtunda wopitirira mamilimita awiri m'thupi, choncho ziwalo zambiri zimapulumuka, ngakhale impso zimafunika kutetezedwa ndi mankhwala ena.

Mankhwala odziwika a mtunduwu ndi Lutathera, omwe adavomerezedwa ku Ulaya mu 2017 ndi ku America mu 2018 kuti azithandiza pa khansa ina yosowa ya m'matumbo ndi kapamba. Wodwala amalandira kanayi, milungu 8 iliyonse. Mu 2022 kudabweranso Pluvicto, wogwira ntchito mofananamo pa khansa ya prostate ya abambo. Ndipo si za Azungu okha: pachipatala cha Steve Biko Academic ku Pretoria, Pulofesa Mike Sathekge ndi anzake akhala akuthandiza abambo ndi njira zoterezi kwa zaka.

M'zipatala zathu za boma thandizoli silidafike, ndipo zifukwa zake n'zomveka. Mtengo wa Lutathera ku America udayambira pa madola oposa 40,000 pa diripi imodzi. Mphamvu ya lutetium-177 imatsika ndi theka pa masiku osakwana 7, kotero sasungika m'nkhokwe ngati panado. Pamafunikanso makina apadera ojambulira kuti aone ngati chotupacho chili ndi tizitseko tija.

Tsono mayi wa ku Nambuma, yemwe ulendo wa ku Lilongwe umayamba ndi kukambirana mtengo ndi wakabaza, zikumukhudza bwanji?

Yankho lili papepala la malangizo a Lutathera. Mayi ayenera kuyezedwa kaye ngati ali woyembekezera asanalandire mankhwalawa. Ayenera kulera nthawi yonse ya chithandizo ndi miyezi 7 atamaliza. Bambo naye sayenera kupereka pathupi mpaka patapita miyezi 4. Radiyeshoni imavulaza mwana wosabadwa. Kunena mosapsatira, mankhwala a madola masauzande amadalira jakisoni, lupu kapena kondomu.

Lamuloli silikudikira Lutathera ayi. Makina owotchera khansa omwe afika ku Lilongwe, pamodzi ndi mankhwala a chemotherapy omwe akhala akuperekedwa kwa zaka, nawonso sagwirizana ndi pathupi. Mayi akatenga mimba ali pakati pa chithandizo, madokotala ndi banja amakumana ndi chisankho chowawa: kuchedwetsa mankhwala chotupa chikukula, kapena kuika moyo wa mwana pachiswe.

Pankhani ya kulera dziko lino layenda mtunda. Kafukufuku wa za umoyo wa 1992 adapeza kuti amayi apabanja 7 okha mwa 100 aliwonse ndiwo ankagwiritsa ntchito njira zamakono. Wa 2015-16 adapeza 58. Zambiri mwa izi zidatheka chifukwa alangizi a zaumoyo adaloledwa kubaya Depo m'midzi, kenaka kudabwera Sayana Press yemwe mayi amadzibaya yekha kunyumba miyezi itatu iliyonse. Komabe kafukufuku yemweyo wa 2015-16 adati amayi apabanja 19 mwa 100 aliwonse ankafuna kulera koma sankatero.

Madera a kumadzulo ndi kumpoto kwa Lilongwe ali ndi zake. Chipatala cha Nambuma ndi cha mishoni ya Katolika, monganso St Gabriel ku Namitete chomwe chidayamba mu 1959. Zipatala zoterezi zapulumutsa miyoyo yosawerengeka komwe boma silidafike, koma pa kulera zimatsata chiphunzitso cha mpingo, chomwe chimavomereza njira zachilengedwe zokha. Wofuna njira ina ayang'ane kwa mlangizi wa zaumoyo, kuchipatala cha boma monga Kabudula, kapena kudikira tsiku la sikelo yoyendayenda. Kwa wodwala khansa apa pali msampha, pakuti mankhwala amasokoneza msambo ndipo kuwerenga masiku sikudalirikanso.

Ngakhale jakisoni sayenera aliyense. Malangizo a bungwe la World Health Organisation amaletsa mayi yemwe ali ndi khansa ya m'mawere kugwiritsa ntchito mapiritsi, jakisoni kapena kapakhungu chifukwa zonsezi zili ndi mahomoni. Chomuyenera ndi lupu yopanda mahomoni, ndipo lupu saika mlangizi pansi pa mtengo. Pamafunika namwino wophunzira ntchitoyo, zipangizo zowiritsidwa ndi chipinda chotseka. Abambo nawo, omwe ambiri nkhani ya kulera adaisiyira "amayi akunyumba", mwina adzadabwa tsiku lomwe dokotala adzawapatse iwo lamulo la miyezi 4 lija.

Chodetsa nkhawa n'chakuti chipinda cha kulera ndicho chagwedezeka. Njira zolera m'dziko muno zakhala zikugulidwa kwambiri ndi ndalama za maiko akunja. Mu Januwale 2025 boma la Donald Trump lidaimitsa thandizo la America, bungwe la USAID lidatsekedwa chaka chomwecho, ndipo ndalama zopita ku UNFPA zidadulidwa. Nyumba ya khansa imaoneka ndi maso ndipo andale amadulapo riboni. Katoni ya Depo ikasowa ku Nsaru palibe wojambula chithunzi.

Chikhalirecho m'zipatala zambiri chipinda chomwecho ndi momwe amayi amayezedwera khansa ya khomo la chiberekero pogwiritsa ntchito viniga. Khansa imeneyi Lutathera saikhudza n'komwe, koma ndiyo ikupha amayi ambiri kuno. Chiwerengero cha 2020 chidaonetsa kuti amayi oposa 4,000 amapezeka nayo pachaka ndipo pafupifupi 3,000 amamwalira. Mayi akasiya kupita kukalera poti jakisoni watha, wasemphananso ndi namwino yemwe akadaona chilondacho chisadasanduke chotupa.